Ukawapatse ku Tchalitchi, Osati Pakhonde

Edmonton, London, Lachisanu masana

Mwana wanga Alinafe,

Ndikulemba kalatayi patebulo la kukhitchini pamene iwe ndi abambo ako mwapita ku Wembley kukagula zotsala. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, ukuloza ndi chala, ndipo mawu ena akupita. Palibe kanthu. Mundege muli maola ambiri, ndipo kumene ukupitako kulibe wokumasulira. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikukulankhula Chichewa, iwe n'kumandiyankha Chingerezi. Kuyambira Lamlungu masewera amenewo atha.

Ndiyambe ndi kuvomera chinthu chimodzi: ndasangalala. Umandidziwa kuti si ine munthu wodumphadumpha. Anzanga kuwodi amati ngakhale denga litagwa, Sisita Tembo angayambe ayang'ana wotchi kuti alembe nthawi imene lagwera. Koma m'mawa uno ndadzigwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo ndapeza ukuthamanga ngati wa munthu wokwera masitepe, chonsecho ndinali nditakhala pampando. Sutikesi yako ndaiyeza katatu pasikelo ya kubafa. Kachitatuko abambo ako aima pakhomo n'kufunsa kuti, "Amake Alinafe, sutikesi iyi mwaiika pa dayati?"

Chandisangalatsa si ntchito yokhayi, ngakhale kuti chaka chimodzi m'chipinda cha mankhwala pachipatala cha mishoni chikakuphunzitsa zimene London sangakuphunzitse. Chachikulu n'choti sabata yako yoyamba ukakhala kwathu ku Ntchisi, pakhomo pa agogo ako a Lameki Mbewe, ndipo ndiwe woyamba wa m'nyumba muno kukawaona ndi maso chichokereni ine, zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo. M'thumba lam'kati la chikwama chako cham'manja ndaikamo envulopu yakhaki. Usaipinde, usaiike m'sutikesi. Iyenera kufika m'manja mwa agogo ako Loweruka la sabata ya mawa. Ikapanda kufika, dzina langa lifufutidwa m'kaundula wa mpingo wakwathu, ndipo wofufutayo adzakhala abambo anga, ndi dzanja lawo. Kuti ukaipereke bwino uyenera kuyamba wamudziwa munthuyo, ndipo njira yokhayo imene ndingakudziwitsire ndi kukuuza mmene ine ndinkamulakwira.

Iwe umawadziwa ngati chithunzi chili pamwamba pa wailesi yakanema chija: bambo wamtali wa jekete yakuda, atagwira njinga ngati wina akufuna kuwalanda. Zimene ndikudziwa motsimikiza ndi izi. Zaka zawo sazidziwa bwinobwino. Amati anabadwa chaka cha dzombe, ndipo ine ndikayerekeza ndi amsinkhu wawo ndimapeza kuti adutsa makumi asanu ndi atatu. Sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku Halale, nagwira ntchito m'mafamu zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerako ndi zinthu zitatu: njinga ija, makina osokera, ndi chizolowezi cholemba chilichonse. Anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ine ndisanabadwe, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu akhala mlembi wa seshoni, ndiye kuti bwalo la abusa ndi akulu a mpingo limene limaweruza nkhani za akhristu. Anabereka ana asanu ndi anayi, ine wachitatu. Adzukulu amawalemba kumapeto kwa buku lawo la nyimbo, ndipo masamba opanda kanthu atatha anasokereramo ena ndi makina aja. Iwe ulimo. Dzina lakolo anakutcha ndi iwo, pakalata, asanakuone. Pakhomopo palibe amene amagulitsa mtedza, kudula mtengo kapena kufunsira mbeta asanawauze. Koma usakayembekeze munthu waukali. Sindinawamvepo akukweza mawu. Chida chawo ndi kudikira.

M'mawa uliwonse, anthu asanapite kumunda, amaomba chitsulo cha khasu lakutha chimene chimalendewera pamtengo wa mango, ndipo banja lonse limasonkhana kupemphera. Amaloza aliyense kuti atseke ndi pemphero, ndipo iwe akakuloza, mwina tsiku lachiwiri lomwe. Ine anandiloza koyamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinali nditakonzekeratu. Kutchalitchi kunali mkulu wina, a Gidiyoni, wodziwika ndi mapemphero aatali a mawu akuluakulu, ndipo ine ndinali nditaloweza limodzi lonse. Ndinalitsanulira momwemo, ndi kakunjenjemera ka mawu komwe. Zinayenda bwino mpaka pamene ndinadzimva ndikupempha kuti Ambuye adalitse akazi anga, apongozi anga ndi ng'ombe zanga ziwiri. Amayi anadziluma chitenje. Abambo anadikira mpaka nditati ameni, kenako anati, "Sabata ino Mulungu wamva pemphero la a Gidiyoni kawiri. La Esinati akulidikirabe." Ndiye iwe usakabwereke mawu. Ziganizo zitatu za Chichewa chako chopindikacho zikakwana. Akakuseka ana, koma iwo sakaseka.

Cholakwa china chinali cha tsiku la Mulungu. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinaiwala kuchapa yunifomu Loweruka. Kwathu Lamlungu mtondo sulira, khasu silituluka, sopo sanyowa; ngakhale njinga imapuma, eni ake n'kuyenda wapansi mitunda inayi kupita kutchalitchi. Ine ndinanamizira mutu. Onse atapita ndinachapa msangamsanga n'kuyanika kuseri kwa nkhokwe. Pobwera anandipeza ndili gone pamphasa, ndikubuula mwaluso. Abambo anandigwira pamphumi, kenako anatenga dzanja langa nalinunkhiza. "Mutuwu ndi wa sopo," anatero. Sanandimenye. M'mawa mwake anandikweza panjinga mpaka kusukulu nditavala diresi lakunyumba, yunifomu yoyera bwino ili m'manja, kuti ndikafotokoze ndekha kwa aphunzitsi chifukwa chimene sindinaivalire. Choncho zochapa ndi zosita zako uzimaliza Loweruka. Sindikunena kuti Mulungu amadana ndi sopo. Ndawerenga mokwanira ndipo umboni wake sindinaupeze. Ndikunena kuti uli pakhomo pa munthu amene wasunga tsikuli moyo wake wonse, ndipo kudikira mpaka Lolemba sikukakuchotsera kanthu. Ndege yako ikatera Lamlungu, koma malume ako a Yotamu akakugoneka ku Lilongwe, kumudzi mukapita Lolemba. Tsopano wadziwa chifukwa chake.

Chimene ndikuopa kwambiri kuti ungachibwereze ndi ichi, chifukwa unatengera ine. Ndili Fomu 3 ndinabwera kutchuthi nthawi ya dzinja, ndinapeza ana akutsegula m'mimba nyumba ndi nyumba. Kusukulu tinali titangophunzira za tizilombo ta m'madzi. Ndinayang'ana chitsime cha patchalitchi, ndinayang'ana chimbudzi chimene akulu a mpingo anakumba chakumtunda kwake, ndipo yankho ndinaliona. Ndinalinena pomwepo, titangotuluka m'mapemphero, ndili chiimire pakati pa azibambo: "Ana akudwala chifukwa cha chimbudzi chanucho." Kenako a Gidiyoni aja anatembenukira kwa abambo. "A Mbewe, sukulu mwamutumizakoyi ndi yophunzitsa kuimirira?" Anthu anaseka, ndipo nkhani ya chitsime inafera m'kuseka momwemo. Tili panjira abambo anandifunsa funso limodzi: "Waona ndi maso, kapena wawerenga?" Ndinati ndawerenga. Lachiwiri anakagula buluu wochapira, anasungunula mumgolo wathunthu, nathira m'dzenje lakale la pambali pa chimbudzicho. M'mawa uliwonse ankatunga madzi a pachitsime m'mbale yoyera n'kuwayang'ana padzuwa. Mvula itagwa kawiri, madziwo anasintha mtundu. Mbale imeneyo anainyamula mpaka ku seshoni, naiika patebulo, ndipo chimbudzi chinakwiriridwa sabata yomweyo. Ndinali wolondola, inde. Koma ndikanawauza kunyumba nditakhala pansi, akulu akanaimva nkhaniyi kwa mlembi wawo popanda wina woseka. Chifukwa cha pakamwa panga anachita kufunafuna umboni wogonjetsa kuseka kuja, ndipo masiku onsewo ana ankamwabe madzi omwewo. Ukakaona kuchipatala mankhwala akusungidwa molakwika, ndipo ukawaona ndithu, usakanene uli chiimire. Choona sichichepa ukachinena utakhala pansi. Ndipo uzibwera ndi mbale.

Tsopano chinthu chimene alendo sachimvetsa. Agogo ako ndi anthu awiri, ndipo awiriwo sakumana. Pakhomo pali abambo. Kutchalitchi kuli mlembi wa seshoni. Malume ako a Yotamu ali mnyamata anaonedwa atagwira chipanda cha mowa m'mudzi woyandikana nafe. Nkhani inafika pakhomo Lachiwiri. Kuyambira Lachiwirilo mpaka Lachisanu abambo anadya nawo mbale imodzi, anakonza nawo khola la mbuzi, anaseka nawo. A Yotamu anati basi zadutsa. Loweruka, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi mmene seshoni imakumana, abambo anavala magalasi, anatsegula kaundula, nayang'ana mwana wawo woyamba kubadwa n'kufunsa kuti, "Dzina lanu ndani, bambo?" Seshoni inawadula mgonero miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wolemba chigamulocho anali abambo. Pobwerera anawakweza panjinga, panjira n'kuwagulira nzimbe.

Ine ndinaziona zonsezi koma sindinaphunzire. Nditapeza malo odzaphunzira unamwino kuno, ndinafunika kalata ya msamuko. Mkhristu wa mpingo wathu akamachoka, seshoni imamulembera kalata yonena kuti ndi wa mgonero ndipo alibe mlandu. M'munsi mwake mumakhala kachiphaso. Akafika kumene akupita amapereka kalatayo, abusa akumeneko amasaina kachiphasoko, kukang'amba, n'kukatumiza kwawo kwa munthuyo. Kakafika, mlembi amatseka dzina m'kaundula mwamtendere. Kakapanda kufika, pambali pa dzinalo amalemba kuti "paulendo". Ine ndinati mlembi ndimakhala naye nyumba imodzi, ndivutikiranji. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, ndinagwada n'kupempha. Sanasiye n'kuswa komwe. "Esinati, pano pali abambo ako, ndipo abambo ako alibe makalata. Mlembi umupeza Loweruka." Loweruka ndinayenda mitunda inayi ija ndili pambuyo pa njinga yawo, imene ankangoikankha kuti ndisatsalire. Ndinadikira pabenchi pamodzi ndi anthu ena, ndipo nthawi yanga itakwana anandifunsa dzina. Atasaina anati, "Mayi, kalatayi si yosunga. Ndi yopereka." Titatuluka panja anatulutsa mpango, anapukuta m'maso, nati fumbi lachuluka chaka chino.

Sindinaipereke. Ichi ndicho cholakwa chachikulu, ndipo ndikufuna uchimve kwa ine, osati kwa amayi ako aang'ono kumudzi. Lamlungu langa loyamba ku Wembley, kumene ndinkakhala m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo, ndinavala diresi langa labwino, kalata ili m'chikwama, n'kukalowa m'tchalitchi cha mpingo wofanana ndi wathu. Chinyumba chachikulu, chozizira, anthu osadzaza mabenchi atatu a kwathu. Palibe amene anandichitira chipongwe, ndinene zoona. Mayi wina anandipatsa tiyi ndi bisiketi n'kundifunsa ngati ndikuzolowera nyengo. Koma ine ndinkayembekeza munthu wa magalasi ndi kaundula woti andifunse dzina, ndipo sindinamuone. Ndinati ndipereka sabata ya mawa. Sabata ya mawayo ndinali pantchito. Inayo ndinali ndi mayeso. Mwana wanga, odwala ambiri amene ndawaona akufika mochedwa m'wodi sanasankhe kuchedwa. Anangoti sabata ya mawa. Chimene watumidwa uzichita sabata yomweyo.

Kenako ndinakumana ndi abambo ako, mnyamata wa ku Chipata wophunzira za magetsi, amene anandilankhula m'basi atamva ndikudzikalipira ndekha m'Chichewa chifukwa chopitirira siteji. Tinakwatirana ku ofesi ya boma, mboni ziwiri, popanda ankhoswe, popanda abusa. Za mwamunayo sindinong'oneza bondo; pa zonse zimene ndinasankha mofulumira, iwowa okha ndiwo apirira mayeso. Cholakwa chinali kuwauza akwathu zitachitika kale, pakapepala ka ndege kabuluu kaja. Yankho linabwera patatha mwezi: envulopu imodzi, makalata awiri. Yoyamba inali yaitali. "Esinati mwana wanga," kenako za mvula, za mbuzi, zoti amayi anga analira koma tsopano akuseka, mwamunayo mfunda wake ndani, kodi khasu amalidziwa? Yachiwiri inali ya mizere itatu: "Mayi E. Mbewe, kachiphaso ka kalata yanu sikanatipeze. Seshoni ikufuna kudziwa kumene mukupemphera. Ine mlembi, L. Mbewe." Ndinayankha yoyamba. Yachiwiri ndinaiika m'bokosi la nsapato. Chaka chilichonse, mgonero wa pambuyo pa kukolola ukayandikira, makalata awiri ankabwera, ndipo chaka chilichonse ndinkayankha imodzi. Dzulo ndatsitsa bokosi lija n'kuwayala onse pabedi. Mawu ndi omwewo, chaka ndi chaka. Chimene chimasintha ndi kukula kwa zilembo, chifukwa maso akhala akutha.

Ukukumbukira kuti ukandifunsa chifukwa chimene sitipitira ku Malawi ndinkati ndi ndale. Zinali zoona pang'ono. Masiku amenewo makalata ankatsegulidwa, ndipo ena mwa anthu amene ankadya m'nyumba muno anali oti kudziwana nawo kokha kukanandivutitsa pabwalo la ndege. Koma ndaipenda bwino nkhaniyi. Anzanga ena a mavuto onga omwewo ankapita n'kubwerako. Amayi anga atamwalira ndinatumiza telegalamu, ndinalira ku Edmonton konkuno, koma ndege sindinakwere. Ndipo chisankho cha zipani zambiri chitachitika chaka chathachi, chifukwa chija chinatheratu, ine n'kukhalabe pompano. Ndiye chotsala n'chimodzi. Sindinkaopa boma, sindinkaopanso abambo anga. Ndinkaopa benchi lija ndi funso lija la dzina. Ukadzapezeka ukupereka chifukwa chachikulu, chomveka bwino, cha chinthu chimene sukuchita, udzadzifunse kuti chifukwacho chitachoka lero ungachite kodi. Ngati yankho ndi ayi, chifukwa chenicheni ndi china.

Mwezi watha a Yotamu anatumiza kaseti, ija unandipeza ndikuimvetsera kachiwiri ija. Atatha za zokolola ndi za matenda anafika pankhani. Abambo akutula pansi ulembi pa seshoni ya mgonero uno, chifukwa mizere sakuionanso. Kwabwera abusa achinyamata okonda dongosolo, ndipo popenda kaundula apeza dzina limodzi limene lakhala paulendo zaka makumi awiri ndi zinayi. Akuti anafunsa mwaulemu kuti, "A Mbewe, mayi amenewa akupikisana ndi Aisraeli a m'chipululu aja?" Lamulo limati wosaoneka nthawi yaitali chotere afufutidwe. A Yotamu akuti chaka ndi chaka nkhaniyi ikadzuka abambo ankaimirira n'kunena kuti, "Umboni woti wafika tilibe. Umboni woti wasiya tilibe. Ine ndilemba zimene ndikudziwa." Ulendo uno sanatsutse. Anati buku sangalisiyire mnzawo lili ndi bala. Anapempha kuti awapatse mpaka Loweruka la seshoni, ndipo ngati kulibe kanthu adzafufuta okha. Ndilo Loweruka la sabata ya mawali.

Ndinachita zimene munthu woganiza bwino angachite. Lamlungu lapitali, ndinati ndikukaona mnzanga wa ku Zambia uja, Mai Lungu, ku Ilford kuja, ndinatenga kalata ija. Ukudziwa kuti kumeneko akwathu ndi a ku Zambia amabwereka holo ya tchalitchi china masana n'kumapemphera m'chinenero chathu, ndipo abusa a tchalitchicho anali atavomera kusaina kachiphaso. Dongosolo linali lopanda banga: asaine, ang'ambe, iwe unyamule, dzina litsekedwe mwamtendere. Mai Lungu ataiona kalatayo anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe Esinati, pepala iyi ni nkhalamba kupambana mwana wako! Uzaipeleka ku chechi olo ku myuziyamu?" Abusa anaiwerenga mwaulemu, anatulutsa cholembera, nandifunsa funso limodzi lokha: ngati tsopano kwathu ndi kuno. Ndinayang'ana dzina la abambo m'munsimo, lolembedwa masiku amene dzanja linali lolimba, ndipo ndinaona chimene kachiphasoko kakanene kakafika: Esinati anafika, sabweranso, tsekani. Zimenezo si zoona. Nyumba ino ndi yathu, ntchito yanga ndimaikonda, iwe unabadwira pachipatala chomwe ndimagwirachi. Koma tsiku langa likadzakwana ndikufuna kukagona pafupi ndi amayi, ndipo abambo ako akhala akuzidziwa kuyambira kale. Munthu amene anakana kulemba zimene sakuzidziwa kwa zaka zonsezi sindingamutumizire bodza losainidwa. Ndinapempha kalata yanga. Mai Lungu anati, "Nanga manje?" Ndinati manje ndikukagula tikiti.

Ndagula, Alinafe! Ili m'kabati, pansi pa mbale za alendo zija. Kuntchito andipatsa masabata asanu, ndipo ndinyamuka Disembala. Sindinakuuze chifukwa ndinkafuna uzimve pamodzi ndi zonsezi. Abambo ako akuti abwera nawo, akatenge achimwene awo ku Chipata adzakhale ankhoswe, kuti zimene tinadumpha zichitike, ngakhale mkwati ali ndi imvi. Lamulo lomwe lija limati wapaulendo akabwerera asanapereke kalata, amaibweza yathunthu kwa mlembi amene anaisaina, ndipo seshoni imamuitana kuti afotokoze kumene anali. Kalata ikhoza kutsogola, mwini wake n'kutsatira. Chimene chikandichitikire ndikuchidziwa. Ndikadikira pabenchi, akandifunsa dzina, ndipo Lamlungu lililonse la tchuthi changa ndikakhala kumbuyo kwa tchalitchi kumene kumakhala odulidwa, namwino wamkulu wa wodi yathunthu, pakati pa anyamata ogwidwa ndi chipanda. Ndipo ndikuuze chodabwitsa: ndikuchita kuwerenga masiku.

Zing'onozing'ono izi usaiwale. Mankhwala a malungo wayamba kale, usadumphe; ndiwe wa zamankhwala, ndipo amenewo ndiwo amaiwala kumwa. Madzi uzimwa owiritsa, koma ukapemphe mwakachetechete kwa akazi a malume ako, osati pagulu. Juzi ndaiika pamwamba. Ku Ntchisi miyezi ino kumazizira, usakhulupirire anzako amene akuti ku Afirika n'kotentha kokhakokha. Aliyense wamkulu ndi "inu", ngakhale ukukayika. Ukauzidwa kuti uyu ndi mchemwali wako, ndi mchemwali wako basi; usakayambe kujambula mizere yofufuza kuti ubalewo wadutsa pati. Ndikudziwa ukafuna kutero, chifukwa ndi zimene ndikanachita ine.

Tsopano tamvetsera bwino, chifukwa apa ndi pamene ungalakwitse monga ndinalakwitsira ine. Lolemba akakulandira pakhonde. Ukagwade, ndipo usakawakumbatire mpaka iwo atatambasula dzanja. Akakufunsa kuti ndiwe nayani, ukati Natembo. Ukawapatse jekete, mabatire a wailesi ndi galasi lokuzira zilembo lija; zimenezo ndi za agogo ako. Envulopu yakhaki usakaitchule n'komwe. Mtima ukakukakamiza, makamaka ukakaona kuti akukuyang'ana m'manja ngati munthu woyembekeza kanthu kena. Ukapirire. Ukaitulutsa pakhonde sakailandira, ndipo ukawaika pamayeso owawa pamaso pa ana awo. Lachisanu ukawauze a Yotamu kuti uli ndi nkhani ya ku seshoni, iwo akadziwa chochita. Loweruka ukamange chitenje, duku kumutu, ukayende pambuyo pawo, ukakhale pabenchi ndi ena mpaka akuitane. Akakufunsa dzina ngati sanakuonepo, ngakhale kuti m'mawa womwewo mwamwera limodzi phala. Usakaseke. Ukatchule dzina lako lonse, n'kupereka envulopuyo ndi manja awiri. Ndibwerezenso: kutchalitchi, osati pakhonde.

Kuwerenga sakatha, koma akaipapasa m'munsi. Akakapeza kachiphaso kali pomwepo, kosang'ambika, akadziwa tanthauzo lake abusa asanatsegule pakamwa. Kenako akafunsa funso la lamulo: "Mwini kalatayi ali kuti?" Apa, mwana wanga, ndikukupempha, usakayankhe m'Chingerezi. Ukati, "Akubwera Disembala, adzayankha okha." Mawu anayi basi. Uwayeseze mundege mpaka atakhazikika palilime.

Zikatha mukatuluka panja, ndipo mlembi akatsalira m'kachipindamo. Amene akakupeze pafupi ndi njinga ndi agogo ako. Ukayang'ane kumbali pang'ono, ukawapatse mpata. Akayamba kudandaula za fumbi, iwe ukangovomera kuti inde agogo, chaka chino lachulukadi.

Ndikumva makiyi pakhomo, mwabwera. Ndipinde msanga ndisanayesedwe kukuuza zonsezi pakamwa. Uyende bwino, mwana wanga, ndipo ukandilembere Loweruka lomwelo, osati sabata ya mawa.

Ndine mayi ako,
Esinati Nambewe